Lolemba la wachinyamata wa IBS, kuyambira m'mawa mpaka usiku

Lero tikulemba tsiku limodzi la sukulu la wachinyamata amene dokotala anamupeza ndi IBS, matenda aja amene m'mimba mumapotokola, mimba n'kufufuma, chimbudzi n'kumasinthasintha, koma akaunika matumbo osapezamo chilonda kapena chotupa. Tasankha Lolemba chifukwa ndilo limavuta kwambiri: Loweruka ndi Lamlungu nthawi yogona ndi yodyera zinasokonekera, nkhawa ya sabata yatsopano yafikanso.

5:45 m'mawa. Alamu yalira msanga, ndipo n'zadala. Matumbo aakulu amatakataka kwambiri munthu akangodzuka komanso akangodya, chifukwa chakudya chikafika m'chifu uthenga umapita kumunsi kuti zakale zisunthe. Izi zimachitikira aliyense, koma kwa wa IBS uthengawo umafika mwamphamvu kuposa muyezo. Choncho kadzutsa adyedwe kukadali ola lathunthu asananyamuke, kuti chimbudzi chimupeze ali pakhomo. Achinyamata ambiri amachita zosemphana ndi zimenezi. Amasiya kadzutsa poganiza kuti m'mimba mopanda kanthu simungavute. Pofika 10 koloko mutu ukuwawa, mpweya wadzaza, ndipo akapeza chakudya amadya chambiri mothamanga, chomwe matumbowa amadana nacho koposa. Chizolowezi chodzimana chakudya poopa chimbudzi cha kusukulu chimatidetsa nkhawa kuposa china chilichonse pa matendawa.

Patebulo pali phala la oats, dzira ndi kapu ya madzi ofunda. Oats ali ndi faiba yosungunuka m'madzi, imene imafewetsa chimbudzi cholimba n'kugwirizitsa chamadzi. Gaga wa tirigu ndi wosiyana: faiba yake sisungunuka, ndipo ambiri imawaonjezera mpweya ndi ululu.

6:20. Kuchimbudzi. Ngati chili chokhalira, mapazi aponde pa kampando kuti mawondo akwere kupitirira chiuno, thupi liweramire kutsogolo pang'ono. Asadzikakamize, ndipo foni itsale kunja. Zikapanda kubwera pa mphindi 5 kapena 10, adzuke. Wa IBS amamva ngati sanamalize ngakhale atamaliza, ndipo kukhalitsa akukankha kumangobweretsa zotupa za kumalo otulukira chimbudzi.

Akatuluka, alembe mzere woyamba m'kope lake lolembamo za m'mimba tsiku ndi tsiku. Madokotala ali ndi muyezo wa Bristol, umene unasindikizidwa mu 1997, wogawa chimbudzi m'mitundu 7. Mtundu 1 ndi 2 ndi cholimba, chamibulu. 3 ndi 4 ndi chabwino. 5 ndi chofewa, chamaphumphu. 6 ndi 7 ndi chaphalaphala kapena chamadzi. Nambala imodzi imapulumutsa wachinyamata ku manyazi ofotokoza pamaso pa dokotala, komanso imaonetsa ngati vuto lake lapendekera ku kudzimbidwa, ku kutsegula m'mimba, kapena limasinthana. Chithandizo chimasiyana malinga ndi zimenezi. Mzere wa lero ndi wachidule: 6:25, mtundu 6, ululu 4 pa 10, unachepa atapita.

7:00. M'chikwama, pambali pa mabuku, muli kathumba ka pepala la kuchimbudzi, kabudula wamkati wina, jumbo ndi botolo la madzi. Masiku ambiri kathumbako sikatsegulidwa n'komwe, koma kudziwa kuti kalipo kumachepetsa mantha.

8:40. Phunziro lachiwiri, m'kalasi muli zii, m'mimba n'kuyamba kulira. Apa ndi pamene pamakhala nkhondo. Mantha akuti anzake amva amathamangitsa mtima, ndipo ubongo ukachita mantha matumbo amayankha, pakuti ziwirizi zimalumikizana kudzera m'mitsempha ndi m'timadzi ta m'thupi. Serotonin, amene ambiri amamudziwa pa nkhani za maganizo, pafupifupi 90 peresenti ya iye amapangidwa m'matumbo. Mitsempha ya m'matumbo a wa IBS imamva kwambiri, moti mpweya umene wina sangaumve n'komwe kwa iye umakhala ululu weniweni. Amene amati "ndi maganizo chabe" amalakwa, ndipo mawu amenewa amapweteka mwana.

Chimene angachite ali pampando ndi kupuma ndi mimba. Dzanja pamchombo, akoke mpweya ndi mphuno akuwerenga mpaka 4 mimba ikukwera, autulutse pang'onopang'ono mpaka 6, mapewa osasuntha. Achite mphindi ziwiri kapena zitatu. Zimathandiza kwa amene anayeserera kunyumba tsiku ndi tsiku. Kuyamba kuphunzira ululu utafika kale sikupindula kwenikweni.

Chimbudzi chikabwera, apite. Makolo akhale atakambirana kale ndi aphunzitsi, ndi kalata ya dokotala m'manja, kuti mwanayu azikhala pafupi ndi khomo n'kumatuluka osapempha pagulu, ngakhale nthawi ya mayeso. Kusunga chimbudzi kuli ndi mtengo wake: matumbo aakulu amapitiriza kuyamwa madzi, chimbudzi n'kuuma, ndipo wozolowera kusunga amayamba kusamva kuitana kwa thupi.

10:15. Nthawi yopuma. Mnzake wamupatsa chingamu chopanda shuga, ndipo wakana. Wachita bwino. Chingamu chotere chimatsekemeretsedwa ndi sorbitol, xylitol kapena mannitol, zimene matumbo aang'ono sayamwa bwino. Zimakoka madzi n'kutsegula m'mimba, kutafunako n'kumezetsanso mpweya. Zakumwa za gasi zimafufumitsa. Zakumwa zopatsa mphamvu zili ndi kafeini wambiri, amene amafulumizitsa matumbo. Malangizo a bungwe la NICE la ku Britain amati tiyi ndi khofi zisapitirire makapu 3 patsiku, zakumwa zonse zifike makapu 8, makamaka madzi. Malire a makapu 3 ndi a akuluakulu. Wa zaka 14 achepetse kuposa pamenepo.

12:30. Nkhomaliro: mpunga, nkhuku yosakazinga m'mafuta ambiri, karoti, lalanje. Adye atakhala pansi, mphindi 20, akutafuna bwino.

Pano tiime pang'ono, chifukwa pa chakudya ndi pamene ambiri amasochera. Wachinyamata akamva kupweteka mphindi 15 atadya, amaloza chimene wangodya kumene n'kuchisiya. Sabata ino mkaka, yamawa buledi, kenako nyemba, zipatso, mpaka atatsala ndi zakudya zinayi. Komatu chakudya chimatenga maola angapo chisanafike m'matumbo aakulu. Ululu wa mphindi 15 kawirikawiri ndi uthenga uja wa m'chifu ukusuntha zimene zinadyedwa m'mawa kapena dzulo. N'chifukwa chake kope limaposa kukumbukira. Pakatha masabata awiri kapena atatu akulemba, zimaoneka zokha kuti masiku oipa amatsatira chiyani, ndipo nthawi zina sichikhala chakudya, koma tulo tochepa kapena mayeso.

Pali kadyedwe kotchuka kotchedwa low FODMAP, kamene anakonza akatswiri a pa Monash University ku Melbourne, Australia. FODMAP ndi mitundu ya shuga imene siyamwidwa bwino, ikafika m'matumbo aakulu mabakiteriya amaiwiritsa n'kutulutsa mpweya. Imapezeka mu anyezi, adyo, tirigu, nyemba, mkaka, maapulo, uchi ndi bowa. Njirayi ili ndi magawo atatu. Loyamba ndi kuchepetsa zonsezi kwa masabata 2 mpaka 6 okha. Lachiwiri ndi kubwezeretsa gulu limodzi panthawi, kwa masiku atatu: pang'ono tsiku loyamba, kuonjezera lachiwiri, mulingo wonse lachitatu, kenako kupumira masiku angapo asanayese lina. Lachitatu ndi kudya zonse zimene thupi lalola. Cholakwika chimene chimachitika kawirikawiri ndi kukhazikika pa gawo loyamba miyezi ndi miyezi. Kwa munthu amene akukula, zimenezi n'zoopsa. Wa zaka 9 mpaka 18 amafunika kashiamu pafupifupi mamiligalamu 1,300 patsiku, ndipo mafupa amene sanamangike pa msinkhu uwu ndi ovuta kuwabweza. Wachinyamata asayambe kadyedweka popanda katswiri wa zakudya, ndipo amene ali kale ndi mantha a chakudya kapena akufunitsitsa kuwonda asakayambe n'komwe.

Ngakhale mkaka sikuti uyenera kusiyidwa wonse. Ambiri amene lactose, shuga wa mu mkaka, imawavuta amapirira theka la kapu akamwera pa chakudya, ndipo tchizi cholimba chili ndi lactose yochepa kwambiri. Tirigu nayenso asasiyidwe magazi asanayezedwe matenda a coeliac, amene tirigu amaononga matumbo aang'ono, chifukwa munthu akasiya kaye, zotsatira zimatha kuonetsa kuti alibe pomwe ali nawo.

3:30 madzulo. Kuyenda mphindi 20 kapena 30, njinga, kusambira, chilichonse chosuntha thupi. Kumathandiza mpweya kutuluka ndi kudzimbidwa kuchepa. Kwa atsikana, kope likhalenso ndi masiku a msambo. Timadzi timene timafinya chiberekero timafinyanso matumbo, choncho masiku oyamba a msambo chimbudzi chimafewa ndipo ululu umakula. Wodziwa izi amakonzekera, sasaka chakudya choti achiloze. Koma ululu wa msambo wolepheretsa sukulu mwezi uliwonse uonetsedwe kwa dokotala pawokha.

6:30. Mgonero ukhale wapakati, wopanda mafuta ambiri, patsale maola awiri kapena atatu asanagone. Mafuta ambiri amalimbitsa kufinya kwa matumbo.

Mankhwala onse adutse kwa dokotala, chifukwa ambiri ogulidwa popanda kalata ali ndi malire a zaka. Makapisozi a mafuta a peppermint amafewetsa minofu ya matumbo. Amamezedwa athunthu asanadye, chifukwa akatafunidwa amatsegukira kumtunda n'kuyambitsa kutentha pachifuwa. Psyllium, ufa wa faiba yosungunuka, amayambidwa pang'ono, theka la supuni ya tiyi m'kapu yodzaza madzi, n'kumaonjezera pakapita masiku angapo. Wothamangira mulingo waukulu amafufuma n'kusiya mankhwala amene akanamuthandiza. Loperamide amachepetsa kutsegula m'mimba koma ululu sauchotsa, ndipo akachuluka amadzimbitsa. Lactulose, mankhwala a kudzimbidwa, amaonjezera mpweya, motero sakondedwa pa IBS. Ibuprofen amatha kupweteka chifu. Ma probiotic, mabakiteriya abwino a m'matumbo, ayesedwe mtundu umodzi kwa masabata 4. Popanda kusintha, asiyidwe.

Mawu kwa inu makolo, pakuti nthawi ya mgonero ndi imene mumafunsa. Funsani kamodzi patsiku, panthawi yodziwika, mumvetsere ndi mtima wonse, kenako nkhani zipite kwina. Kufunsa ola lililonse kuti "m'mimba muli bwanji?" kumabweza maganizo a mwana pa ululu, ululuwo n'kukula. Kumukhazika pakhomo tsiku lililonse loipa kumaonjezera mantha a kubwerera kusukulu. Ngati nkhawa ndi imene ikuyendetsa matendawa, chithandizo chokambirana cha CBT chilipo, komanso hypnotherapy yolunjika pa matumbo (kukhazika thupi ndi maganizo pansi motsogoleredwa ndi katswiri), imene Peter Whorwell wa ku Manchester anaonetsa mu 1984 kuti imathandiza, ndipo pambuyo pake inayesedwanso pa ana n'kupezeka kuti imagwira ntchito.

9:30 usiku. Botolo la madzi ofunda lokulunga m'nsalu lili pamimba, foni yazimitsidwa. Nthawi yogona ikhale yomweyi tsiku lililonse, ngakhale Loweruka. Mizere yomaliza m'kope: chimbudzi katatu, mitundu 6, 5 ndi 5, ululu unafika 6 pa phunziro lachiwiri, unatsika atapuma ndi kutuluka, zakudya zitatu zonse zadyedwa.

Kuseri kwa kopelo kulembedwe zizindikiro zimene si za IBS. Matendawa saononga matumbo ndipo sasanduka khansa, komanso si kawirikawiri kuti adzutse munthu kutulo. Choncho magazi m'chimbudzi kapena chimbudzi chakuda bii, kuwonda kosafuna, kutentha thupi kobwerezabwereza, kusanza kosalekeza, kudzutsidwa usiku ndi ululu kapena kutsegula m'mimba, kuchepa kwa magazi, kusiya kutalika kapena kuchedwa kutha msinkhu, zonsezi zimafuna dokotala msanga, ngakhale mwanayo anauzidwa kale kuti ali ndi IBS. Chimodzimodzi ngati m'banja muli matenda otupitsa matumbo a Crohn kapena ulcerative colitis, kapenanso coeliac. Dokotala angayeze magazi, angayeze calprotectin m'chimbudzi kuti aone ngati matumbo atupa, angasakenso tizilombo monga giardia. Popita kumeneko kope lisatsale, ndipo wachinyamatayo apatsidwe mphindi zingapo zolankhula ndi dokotala payekha.