Ndinatsegula hamonika yanga mmalo moitaya

Kabowo ka nambala 4 pa hamonika yanga ya kiyi ya C kanangosiya kulira tsiku lina ndikakoka mpweya. Ndikauzira kankalira bwinobwino, koma ndikakoka, zii, kumangomveka mphepo basi. Ndinaigwedeza, ndinaimenyetsa pachikhatho, palibe chinasintha, mpaka ndinaiponya mu dilowa nkumati yatha imeneyi. Inakhalamo miyezi ingapo. Tsiku lomwe ndinaitulutsa ndinali ndilibe chochita, nde ndinangoti poti ndi yakufa kale palibe chomwe ndingaiononge, ndinatenga kasikuludiraiva kakang'ono nkumasula zophimba zake ziwiri zija.

Mukudziwa chomwe ndinapeza? Katsitsi ka ndevu zanga zomwe, kamodzi kokha, katapanikizika pakati pa lilime, kachitsulo kamene kamanjenjemera nkutulutsa mawu, ndi mpata wake. Ndinakachotsa ndi kamtengo kotokosera mano, nkukoka mpweya, noti ya D ya pa kabowo kaja inalira ngati sizinachitike nkomwe. Ndinachita manyazi ndekhandekha kkkk.

Kwa amene simunaionepo mkati, mulibe zambiri ayi. Hamonika wamba ya mabowo 10 ili ndi timalilime 20 topyapyala, tambiri timakhala tamkuwa, tomangidwa mbali imodzi pa timapuleti tiwiri ndipo mbali inayo imangonjenjemera mpweya ukamadutsa. Puleti yapamwamba ndi ya manoti ouzira, yapansi ndi ya manoti okoka. Pakati pali thupi lake lomwe amalitcha comb poti limafanadi chipeso, lina lamtengo lina lapulasitiki. Mwayi wake ndi woti timalilime tokoka timakhala kunja kwa puleti, ukangochotsa chophimba waona kale, pomwe touzira tili mkati ndipo umafunika kumasula puleti yonse kuti utigwire bwino.

Chomwe chinandigwira mtima kuchokera tsiku limenelo ndi nkhani ya gap, kampata kamene kamakhala pakati pa nsonga ya lilime ndi puleti. Kampata kameneka ndi kamene kamalamulira mmene hamonika ikumverera mpweya wako. Kakakula kwambiri mpweya umangothawira mmbali, umachita kukoka mpaka chifuwa kupweteka noti isanabwere. Kakachepa kwambiri lilime limayankha msanga ukamaimba mofatsa koma ukangolimbikira pang'ono limatsamwa, kungoti duu pakati pa nyimbo. Poyambira pabwino ndi kuti mpatawo ufanane ndi kuchindikala kwa nsonga ya lilimelo, timalilime tatitali ta manoti otsika timafuna mpata wokulirapo, tatifupi ta manoti okwera timafuna wochepa. Koma apa nde pamene ndimasiyana ndi anthu ofuna muyeso umodzi wa aliyense. Ine ndimaimba mofewa, sindikoka mwaukali, nde ndimatsitsa timalilime tanga kuposa mmene munthu woimba blues mwamphamvu angafunire. Fakitale imaika mpata wapakatikati kuti aliyense wogula aziliza, siingadziwe mapapo ako.

Kusintha kwake nkosavuta kufotokoza koma kumafuna manja odekha. Umakankha lilime pang'onopang'ono ndi kamtengo, mmwamba kapena mmunsi, kenako nkulikweza pang'ono ndi chikhadabo nkulisiya kuti linjenjemere, kangapo ndithu, kuti likhazikike pamalo atsopanowo. Ukapanda kutero limabwerera mwakale pakapita tsiku umadabwa kuti ntchito yanga ija yapita kuti. Kenako umagwirizira mapuleti pa comb ndi zala nkuyesa. Kankha, liza, yesa, kankhanso. Madzulo onse amatha chonchi osadziwa.

Ndiikepo kachenjezo apa, kabowo ka nambala 2 kokoka kamavutitsa pafupifupi aliyense wongoyamba kumene, kamalira mofooka ngati kakudwala. Nthawi zambiri vuto si hamonika, ndi mkamwa mwako, lilime lako lenileni lakwera kumbuyo ndipo mmero wapanikiza. Musathamangire kumasula masikulu, yambani mwamasula nsagwada.

Kuchuna nde kumene ndinalipira sukulu. Lamulo lake ndi ili, ukapala kunsonga kwa lilime limapepuka ndipo noti imakwera, ukapala kutsinde pafupi ndi pomwe lamangidwa limafewa ndipo noti imatsika. Umalowetsa kachitsulo kopyapyala pansi pake kuti lisapindike, ena amagwiritsa lezala, nkumapala ndi tupa yaing'ono kapena sandipepala wosalala motsata kutalika kwa lilime, osati mopingasa, poti mizere yopingasa ndi imene imadzasanduka ming'alu. Ine ndinaona tuner ya pafoni, pulogalamu yoyezera kukwera kwa noti, ikuti noti ina yatsika, ndinapala, inakwera, mawa lake yatsikanso, ndinapalanso mwaukali ndithu, tsiku lachitatu lilime linangothyoka. Pambuyo pake mpomwe ndinamvetsa kuti lilime lomwe likungotsika ulichune bwanji ndiye kuti chitsulo chatopa, chili ndi mng'alu wosaoneka ndi maso, tupa singachiritse. Pamenepo umasintha lilimelo kapena puleti yonse. A kampani ya mahamonika ya Lee Oskar amagulitsa mapuleti paokha, ndipo Seydel a ku Klingenthal ku Germany, omwe anayamba mu 1847, amapanga timalilime tasitilu tomwe anthu ambiri amati timakhalitsa.

Chinanso chomwe tuner inandinamiza, mahamonika ambiri sachunidwa pa muyeso wozolowereka wa A ya 440 ndendende, amawaika pamwambako ngati 442 kapena 443 chifukwa ukamaimba mwamphamvu noti imatsika yokha. Komanso manoti ena amawatsitsa dala kuti ukaliza mabowo atatu pamodzi zimveke mokoma. Nde ukaona singano yapendekeka usangoyamba kupala.

Za comb yamtengo sindinena zambiri. Hamonika ya Marine Band ya kampani ya Hohner, yomwe inatuluka mu 1896 kuchokera ku Trossingen ku Germany, yachikale ija imamangidwa ndi misomali osati masikulu, ndipo okonza ambiri amaboola nkuikamo masikulu, kusalaza mtengowo pa sandipepala woyala pagalasi kuti mpweya usamathawe, nkuupaka zotchinga chinyezi. Joe Filisko wa ku America ndi amene anatchuka kwambiri pa ntchito imeneyi. Oimba akale ankaviika hamonika mmadzi kuti ilire mokweza, imaliradi, koma mtengo umafufuma nkutuluka kunja nkumakucheka milomo. Ya pulasitiki ndimangoitsuka ndi madzi ofunda ndi mswachi wofewa, kutsuka motsata malilime.

Pano ndafika pomasintha manoti dala. Pa hamonika ya C, kabowo 2 kokoka ndi kabowo 3 kouzira onse amapereka G yemweyo, pomwe A wakumunsi kulibe pokhapokha udziwe kubenda, kutsitsa noti posintha mkamwa ukamakoka mpweya. Woimba hamonika wina, Brendan Power, anatchukitsa njira yotchedwa Paddy Richter, kukweza G wa pa 3 uja kufika pa A kuti nyimbo zothamanga za ku Ireland ziziimbika mosavuta. Ndinayesa pa hamonika ya ndevu ija, ndinapala kunsonga pang'onopang'ono madzulo awiri, mtima uli mmwamba poti lilime linayamba kuoneka lopyapyala ngati pepala, koma linafika pa A osathyoka. Vuto ndi loti kunja imafanana ndendende ndi inzake ya C, ndipo kawiri konse ndatola yolakwika nkuuzira pa 3 ndikuyembekeza G. Panopa ndaimata katepi kofiira pachophimba.