Zipu siichepetsa fayilo iliyonse abale

Dzulo kunabwera mayi ena ochokera ku Chamama pa shopu yathu pano pa Kasungu boma, ali ndi mwana wawo wamwamuna, akufuna atumize satifiketi ya MSCE kwina kwake komwe akufuna anthu ntchito. Kumeneko akukana fayilo yoposa 2MB, koma sikani yawo inali 9MB. Mnyamatayo akuti anayesa kale kuiika mu zipu (njira yofinyira fayilo kuti ichepe), sinatsike n'komwe, bandulo yangothera kuyesayesa. Mayiwo nkundifunsa, "Achimwene, si paja amati zipu imachepetsa zinthu?"

Imachepetsadi, koma osati chilichonse, ndipo zimandiwawa kuona anthu akutaya ndalama pa chinthu choti munthu akhoza kuwafotokozera pa mphindi ziwiri.

Ife a ku Kasungu timadziwa kudinda fodya. Mulu waukulu uja mukauika pa jeke umasanduka belo limodzi, koma palibe tsamba lomwe latayika, mukamasula onse alimo. ZIP ndi choncho. Anaiyambitsa Phil Katz mu 1989, ndipo chomwe imachita ndi kusaka zinthu zobwerezabwereza mu fayilo, mmalo molemba mawu omwewo kambirimbiri imalemba kamodzi kenako nkumangolozera kuti pano bwerezani zija. Nchifukwa chake fayilo ya mawu okhaokha imafinyika bwino kwambiri. RAR ndi 7z nawonso ndi a banja lomweli, ine ndimakonda 7-Zip ya Igor Pavlov chifukwa ndi yaulere komanso nthawi zambiri imafinya kuposa zipu wamba.

Tsono JPEG (fayilo ya zithunzi) ndi MP3 (fayilo ya nyimbo) ndi nkhani ina, izi ndi kukonola. Chimanga chikapita ku chigayo gaga amachoka, mumatsala ndi mphale, ndipo simungabwezerenso gaga uja kuti chikhalenso chimanga. JPEG imataya tinthu ting'onoting'ono ta mitundu tomwe diso silitiona bwino, MP3 imataya mawu omwe khutu silingawamve. Nyimbo ya pa CD imadya pafupifupi 10MB pa mphindi imodzi, koma ikakhala MP3 ya 128kbps ndi pafupifupi 1MB basi. Ndiye chithunzi cha JPEG ndi chofinyidwa kale, zobwereza zinatha, mukachiika mu zipu zili ngati kubweza belo lodinda kale pa jeke, mungotuluka thukuta pachabe.

Komanso samalani ndi WhatsApp. Mukatumiza satifiketi ngati chithunzi amaikonola yekha osakufunsani, winayo akaisevanso ndi kutumiza kwina imakonoledwanso, mpaka dzina la mwana limafika poti silikuwerengeka. Tumizani ngati Document, imafika mmene inalili.

Za mayi aja sizinavute. Sikani yoyamba anaipanga ya mitundu pa 600 dpi (kuchuluka kwa timadontho pa inchi iliyonse), zomwe ndi zochuluka kwambiri kwa pepala longofuna kuwerengedwa pa kompyuta. Ndinasikananso pa 150 dpi, ya grayscale (yopanda mitundu), nkuiseva ngati PDF, inabwera pansi pa 1MB. Tinaikuza pa sikirini tonse atatu kuyang'ana dzina, nambala ya mayeso ndi magiredi, zonse zikuoneka mbee. Yaikulu ija ndinawaikira pa flashi yawo kuti asadzaifufute, tsiku lina kwina adzafuna yooneka bwino yoti apulinte. Mnyamatayo anatumiza ili cha m'ma 3 koloko, anapezabe galimoto yobwerera ku Chamama.