Madala opuma usilikali ndi anyamata a mabwato kuno kuchigwa

Ku UK kuli gulu lina amati Sea Cadets, ana a zaka 10 mpaka 18 amapita akaweruka kusukulu kapena pa wikendi kukaphunzira za pamadzi, kupalasa, kumanga zingwe, kuwerenga mapu, perete ndi zina zotero. Ine yunifomu yawo ndilibe nayo ntchito kwenikweni, chomwe chimandisangalatsa nchoti owaphunzitsawo ndi anthu ongodzipereka basi, ena anapuma ku Royal Navy, gulu la asilikali a pamadzi a dzikolo, ena anakalambira mu sitima za katundu, ndipo si ntchito ya malipiro. Zinayambanso choncho kumene, cha m'ma 1850 amalinyero obwerera ku nkhondo ya Crimea anayamba kutolera ana ovutika a m'madoko nkumawaphunzitsa ntchito ya panyanja. Ku America ndi ku South Africa nakonso magulu otere alipo.

Ndiye wina anena kuti aise, za nevi zikutikhudza bwanji ife a ku Nsanje, nyanja ya mchere tilibe, doko lomwe Bingu anatsegulira mu October 2010 lija mpaka lero sitima sitinaione ikukocheza. Zoona. Komatu madzi tili nawo ndipo amatipeza m'nyumba momwe. Januwale 2015 anthu oposa 200,000 anasowa pokhala m'dziko muno ndipo Nsanje ndi Chikwawa ndi omwe anamva kuwawa kwambiri, kenako anamondwe aja, Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022, Freddy mu Malichi 2023 yemwe anapha anthu oposa 1,000. Nthawi zonsezi funsani aliyense wa ku Makhanga kapena East Bank kuti anayamba kufika ndani pamene anthu anali pa chulu ndi m'mitengo. Asilikali a MDF amabwera ndi maboti a injini, a Red Cross amabwera, helikopita nayo imabwera, sindikunyoza ayi, koma maola oyamba aja madzi akungokwera usiku amene amakhala pompo ndi mnyamata wa m'mudzi momwemo ndi bwato la abambo ake. Mnyamata ameneyo palibe anamuphunzitsa kupulumutsa munthu, amangodziwa kuwolotsa njinga ndi matumba a chimanga.

Kwathu kuno kuli madala ena anapuma usilikali, anagwira zaka zambiri ku Monkey Bay komwe kuli asilikali a pamadzi, pano amalima kachigawo kawo ka dimba ndi kudikira penshoni. Iwowa pamodzi ndi anzawo ena omwe anagwirapo mu Ilala anayamba kusonkhanitsa anyamata a padoko Loweruka m'mawa dzuwa lisanayambe zake zija za kuchigwa, ndipo mwana wa achemwali anga amapita nawo, ndiye ine ndimamva zonse kaya ndikufuna kaya sindikufuna chifukwa akabwerako satseka pakamwa.

Anyamatawo poyamba ankaganiza kuti aphunzira zogwira mfuti kapena zodumphira m'madzi ngati komando. Anakhumudwa heve. Phunziro loyamba la madalawo linali lakuti munthu akamamira iwe usadumphiremo. Eti usadumphiremo! Amati munthu womira alibe m'bale, akakugwira khosi mupitira limodzi ndipo maliro akhala awiri m'malo mwa amodzi. Choyamba mupatse nsungwi kapena nkhafi uli pamtunda, ngati ali patali muponyere chingwe kapena chigubu cha malita 20 chopanda kanthu chotseka bwino, chigubu chomwe chija timatungira madzi pa mjigo chimayandamitsa munthu wamkulu bwinobwino, zikakanika pita ndi bwato, kusambira ndi komaliza ndipo ngakhale pamenepo umamufikira chakumbuyo. Ndiye Loweruka lathunthu limatha anyamata akungoponya chingwe pa mchenga kulunjika mpando wa pulasitiki, kukulunga, kuponyanso, mpaka ena anasiya kubwera ati ndi zachibwana.

China chomwe anawaletsa ndi chija tonse tinakula tikuchiona, munthu akavuulidwa anthu nkumamupondaponda pamimba kapena kumuzondotsa kuti madzi atuluke. Madala amati kumeneko nkutaya nthawi ndipo mukhoza kumutsamwitsa ndi masanzi ake omwe. Ngati sakupuma mugonekeni chagada, mpendekereni mutu kumbuyo, muuzireni mpweya pakamwa, kenako kudinikiza pachifuwa ka 30 mpweya kawiri, osasiya mpaka ayambe kupuma kapena afike a chipatala. Amayeserera pa thumba lodzaza ndi madeya chifukwa chidole chija cha ma NGO tilibe.

Koma pomwe ine ndinawagomera ndi pa nkhani ya katundu. Aliyense amene anawolokapo pa Mtayamoyo ku Bangula chikokolokereni njira ija mu 1997 akudziwa momwe zimakhalira, bwato ladzaza kale m'mphepete mwatsala pang'ono kuti madzi alowe koma mwini wake akuitanabe, bwerani mayi malo alipo, njinga yamoto pamwamba, mbuzi, matumba a feteleza, chifukwa mutu uliwonse ndi ndalama. Ndipo ife okwerafe ndi amene timakakamizanso, aliyense akufuna awoloke ulendo womwewo kuopa kudikira padzuwa. Madalawo anajambula mzere ndi penti pa mabwato a anyamata awo nkuwauza kuti mzere uwu ukamira wina atsike, kaya ndi amfumu kaya ndi abusa kaya ndi apongozi ako. Mnyamata wa zaka 16 kuuza munthu wamkulu kuti bambo tsikani, kwathu kuno ndi mwano umenewo, ndiye amachita kuyeserera, madala amakhala ngati pasenjala wovuta akukalipa, ukundidziwa ine iwe, mwana wa ndani iwe, mnyamatayo ayankhe mwaulemu kuti pepani bambo ndikubwereraninso pompano koma osasuntha bwato. Msilikali yekha ndi amene angaphunzitse zimenezi, anthu aja anazolowera kuti lamulo ndi lamulo ngakhale amene akuliphwanya ali ndi imvi.

Tsono pali china chomwe madalawo eni ake amavomereza osachita manyazi. Nyanja ya Malawi ndi Shire ndi zinthu ziwiri. Kunyanja mdani wako ndi mwera ndi mafunde, kuno mdani ndi liwiro la madzi, mitengo yomwe Ruo amabwera nayo kuchokera ku Mulanje, mchenga womwe lero uli apa mawa wasamuka, namasupuni wokola injini, ndiye ng'ona ndi mvuu osanena. Munthu wophunzira ku koleji ya za pamadzi ku Monkey Bay akhoza kudziwa kampasi ndi injini yonse koma mumulowetse mu Elephant Marsh kapena Ndindi, timinjira tija tofanana tokhatokha m'mabango, asokera dzuwa likuswa mtengo. Ndiye anakatenga agogo ena achisena omwe moyo wawo wonse wathera mu mwadiya, bwato lija losema pa mtengo, kusukulu sanapiteko, koma akayang'ana pamwamba pa madzi amakuuza kuti apa pali chitsa pansi, apa pakuya, apo usadutse pali mvuu ya kamwana. Iwowa ndi amene amaphunzitsa kuwoloka mtsinje utadzaza, kuti sulunjika tsidya ayi, umayamba wakwera kumtunda m'mphepete momwe madzi ndi ofooka kenako nkudula chopendekera kuti madziwo akakutule padoko. Madala opuma usilikali aja pa phunziro limeneli amakhala pansi limodzi ndi ana nkumamvera, ndipo akafuna kufunsa amayamba ndi agogo tatiuzani.

Sikuti zonse zikuyenda myaa. Makolo ena anakana ana awo atangomva kuti kuli perete ndi kufola, anthu akuluakulu akukumbukira za Payoniya mpaka pomwe asilikali anawalanda zida mu Disembala 1993, ndiye akaona anyamata ali pa mzere wina akukuwa malamulo mtima umagunda. Ine sindikuwada, nkhawa yake ndi yomveka, makamaka kuno komwe andale akangoona anyamata 20 ali pamodzi amabwera ndi ma tisheti ndi nsalu za chipani. Madala anachita bwino kukana zimenezo poyera pamaso pa amfumu, ndipo perete anaichepetsa yangotsala yoitanira maina ndi kuona kuti aliyense wafika pa nthawi.

Vuto lina ndi la alawansi, matenda omwe ma wekishopu anatibweretsera. Anyamata ena tsiku loyamba anafunsa kuti kusaina ndi kuti, atamva kuti kulibe ngakhale fanta anabwerera. Koma ndisawaweruze kwambiri, Loweruka m'mawa ndi nthawi yomwe padoko pamakhala makasitomala, kuphunzira ndiye kuti wataya ya ndiwo ya tsiku limenelo. Nawonso madalawo penshoni yake ndi yoti pofika pakati pa mwezi yatha, petulo woyeserera injini amachita kusonkherana, ndipo injini yake ndi yobwereka kwa msodzi wina. Timawakumbuka anthuwa mu Novembala basi, maluwa ofiira pachifuwa, nkhata pa chipilala ku Zomba, zithunzi pa Facebook, kenako ziii mpaka chaka chamawa, chonsecho luso lomwe boma linawaphunzitsa ndi misonkho yathu langokhala m'midzi muno.

Atsikana ndiye alipo ochepa kwambiri ndipo izi zimandinyasa ine, chifukwa amene amakhala kumtsinje tsiku ndi tsiku kuchapa, kutunga, kuwoloka kupita kudimba mwana ali kumbuyo ndi azimayi, madzi akabwera usiku amene amatsala ndi ana ndi omwewonso. Makolo amati mtsikana sangamasambe pagulu la anyamata, ndiye panopa akufunafuna mayi wina yemwe anakhalapo msilikali kapena wa Red Cross kuti atsikana azikhala ndi tsiku lawo.

Ma laifu jaketi alipo anayi okha gulu lonse, awiri mwa iwo zomangira zinaduka anachita kusoka ndi ulusi wa ukonde. Ngati muli ku Blantyre kapena ku Joni ndipo kwanu ndi kuno, ndalama musatumize zingayambitse mikangano, gulani jaketi kapena chingwe cha nayiloni cha mamita 20 mupatsire wa minibasi ya ku Bangula mvula isanayambe.