Momwe tinayendera kuti azakhali apeze chisamaliro ku Angónia

Amene muli ndi okalamba osowa owasamala, yambani ndi B.I., chiphaso cha unzika cha ku Mozambique, popanda iyo simupita patali. Azakhali athu a ku Domwe analibe ngakhale sedula (chikalata cha kubadwa) ndiye tinayambira ku Registo Civil, ofesi yolembetsa kubadwa, ku Ulongwe ndi mboni, zaka anachita kuwayerekezera poti iwo amangoti anabadwa nthawi ya Apwitikizi basi. Kenako dekalarasau (kalata yaumboni) ya anyakwawa yoti mayiwa ndi amasiye ana onse anatsogola, pepalali nkupita nalo ku ofesi ya Acção Social, yoona za chisamaliro cha anthu.

Funso loyamba kumeneko linali loti nanga inuyo ndinu ndani kwa iwowa? Paja malo osungira okalamba amaika patsogolo amene alibiretu m'bale, ndipo aofesi amabwera okha kudzaona pakhomo.

Ndinakwerabe chapa (minibasi) kupita ku Tete kukaona malo ena otere. Zoona zake bedi lilipo, nsima imabwera nthawi yake, madzi apampopi, chipatala chachikulu chili pafupi. Koma abale kutentha kwa ku Tete mu Okutobala, kumapitirira madigiri 40, agogo onse ndinawapeza ali ndondondo pakhonde akudzikupiza ndi makatoni, ndiye muganize munthu wozolowera kuwotha moto mu Juni kumapiri kuno, komanso macheza ake ndi a Chinyungwe ndi Chipwitikizi zomwe azakhali samva ngakhale pang'ono. Kulibe kadimba, maliro akagwa kumudzi sangakakhuze, ndipo iwowo nkhani ya maliro saiseweretsa.

Kwathu nyumba yotero sindinaipeze, chilipo ndi subsidiyo (ndalama yothandizira) ya INAS, bungwe la boma lothandiza ovutika, ya osauka oyambira zaka 60. Amalemba mayina ndi pirimanente, woimira INAS m'dera lanu, ameneyo mum'peze msanga. Amene amakhala yekha anamuikira mametikali 540 pamwezi kuyambira 2018, ya sopo, mchere ndi kashuga, osayembekeza zambiri. Amayi a kumphakati ndi amene amawatungira azakhali madzi ndi kuwazira pansi. Chowawa ndi matenda, dzinja matope akachuluka wa njinga yamoto amakana kapena kukweza mtengo, pamenepo tauni imapambana sindingatsutse.

Tinagwirizana kuti akhale kumudzi konko, mwana wa achemwali azigona nawo, ine ndizitumiza kangachepe pa M-Pesa ndipo ya njinga yamoto timaisunga payokha kwa anyakwawa kuti isathere kundiwo.