Ana ankakuwa kuti "moto", ine ndinamva "mota"

Kubairo kwathu ku Ulongwe, m'boma la Angónia ku Mozambique, nkhani ya zinyalala ikabuka pamsonkhano, a sekeretariyo amaloza ine. Ndinagulako zitsulo zakutha, zija timati sukata, ndiye anthu amanditenga ngati katswiri. Inenso sindikana.

Chimene ndimaphunzitsa n'chakuti thirakitala ya munisipiyo isamasenze chilichonse. Makoko a kachewere, masamba a kabichi ndi mikute zipite kudzenje la manyowa lofika m'chiuno. Zikakwera ngati chikhatho, wazani dothi pamwamba kuti ntchentche ndi agalu zisapangepo msonkhano, ndipo pakatha miyezi itatu kapena inayi mwapeza zothira kudimba. Mabotolo apulasitiki atsukeni, koma zitsekerero musataye, poti amayi a mafuta ophikira ndi a maheu safuna botolo lapululu. Obweza aja, a mowa wa 2M kapena Manica, asamaleni kukamwa. Likangobenthuka, kubaraka salilandira. Zitini ziyeseni ndi maginito. Ikakakamira, ndi chitsulo wamba. Ikagwa, ndi aluminiyamu, ndiye amene osula mapoto amamufuna, ndipo pamafunika zitini pafupifupi 70 kuti sikelo ifike kilo imodzi. Ziphwanyeni ndi chidendene zisadye malo. Ndimatchulanso lamulo la 2015 loletsa majumbo opyapyala osafika mamaikoroni 30, ngakhale palibe anandifunsapo kuti maikoroni ndi chiyani. Ndimathokoza.

Koma pamene ndimakweza mawu zedi ndi pa phulusa. La m'mbaula limanamiza. Pamwamba mbuu, lozizira, chonsecho mkati khala lofiira lafunda ngati mwana m'bulangeti, ndipo likhoza kufika mawa lake lisanazime. Lithireni madzi, livundureni ndi kamtengo, ligone tsiku lathunthu m'ndowa yachitsulo. Zitini zopopera udzudzu nazo zisayandikire moto, chifukwa ngakhale zitasiya kufayira, mkati mumatsala mpweya woyaka.

Zonsezi ndimazinena ndi chala m'mwamba.

Ndiye linafika Loweruka lina la mwezi wa Juni. Amene anagonako ku Angónia nyengo imeneyi akudziwa kuti chisanu chake chimalowa mpaka m'mano. Apongozi anali atabwera kuchokera ku Domwe, tinawayatsira mbaula tinaotha mpaka usiku. M'mawa ndili m'tulo ndinangomva thirakitala ikugunda chapatali. Ikakudutsa, thumba lako ulisunge mpaka ulendo wina, ndipo lathu linali ndi matewera a mwana.

"Bambo a Chisomo, phulusalo ndi la usiku womwewu," anatero mayi a kunyumba ataona ndanyamula mbaula.

"Mayi a Chisomo, zimenezi amaphunzitsa ndani?"

Ndinaligwira ndi nsonga ya chala, pamwamba pokha, n'kulikhuthulira m'thumba la fetereza momwe munali majumbo, matewera ndi chitini cha udzudzu chimene ndinachiona bwinobwino koma ndinati n'chamawa. Ndinamanga ndi lamba wa chubu pakaliyala, ulendo.

Apa mpofunika kumvetsa. Khala likakhala phee m'phulusa silivuta. Likufuna mphepo basi. Thumba la fetereza ndi loluka, lili ndi timipata, ndipo munthu wopalasa njinga pamtsetse akuthamangitsa thirakitala ndi mvukuto weniweni. Ndinkapemerera ndekha moto wanga.

Ana a m'njira anayamba kukuwa: "Moto! Moto!" Ine ndinamva "mota", n'kuganiza kuti akuyamikira liwiro langa kuti ndafanana ndi njinga yamoto. Ndinawabayibitsa, n'kuwonjezera mphamvu. Kumbuyo kunkafunda ndithu, ndipo ndinati mumtima, masewera olimbitsa thupi ndi abwino, taonani chisanu chathawa.

Nditatsala pang'ono kuipeza thirakitala, chitini chija chinayankhula. Phuu! Mayi wina wogulitsa tomato anagona chafufumimba kuseri kwa benchi. Galu amene ankanditsatira anabwerera osatsanzika. Lamba wa chubu anaduka n'kundikwapula pamsana, thumba linagwa pakati pa msewu likutuluka utsi wakuda bii, thewera limodzi likuyaka palokha ngati kandulo.

Woyendetsa thirakitala anatsika mosapupuluma. Anayang'ana thumba, anayang'ana ine.

"Si inu aphunzitsi a phulusa inu?"

Ananena zoona kuti sanganyamule, chifukwa khala limodzi m'ngolo yodzaza mapepala limayatsa katundu yense, ndipo likafika kudzala limanyeka pansipansi kwa masiku. Mawu anga omwe, osasintha ngakhale limodzi. Anandibwereka fosholo kuti ndifotsere ndi mchenga, poti pulasitiki wosungunuka ukamupondaponda amakumatira kunsapato.

Powerama ndi fosholoyo m'pamene ndinamva kamphepo kachilendo. Buluku langa linali la nayiloni, la pakaunjika. Nayiloni sapsa ngati thonje, amangofwanyapala n'kuthawa. Kumbuyo konse kunali zenera, ndipo anthu a pamsika ankaonera ulere.

Nditacheuka, apongozi ali poteropo. Anali atanditsatira ndi ndowa ya madzi ataona utsi ukutuluka pachipata. Munthu amene chikwatirireni sindinadyepo naye mbale imodzi. Anayang'ana kumbali, kumtengo wa bulugamu, n'kumasula kapulana wapamwamba, kunditambasulira ndi manja awiri.

"Bambo, fundani. Kunoku kukuzizira."

Ndinabwerera wapansi, njinga kudzanja, kapulana wamaluwa achikasu m'chiuno, ana pambuyo akuimba "mota, mota". Mayi a Chisomo sananene kanthu. Anangotenga ndowa yachitsulo, kuiika pafupi ndi mbaula, n'kulembapo ndi khala dzina langa.