Zaka zisanu tikukonza mmene anthu amakhalira pa mpando pogwiritsa ntchito kompyuta

Ntchito imeneyi tinaiyamba mu 2020, pamene mliri wa Covid-19 unachititsa kuti anthu ambiri a m'maofesi a mu Lilongwe azigwirira ntchito kunyumba. Ine ndinaphunzira za fiziyotherapi, chithandizo cha mafizo chowongola ndi kulimbitsa thupi, ndipo odwala amene ankabwera kwa ine ankadandaula zofanana: kuuma kwa khosi, kupweteka kwa msana, dzanzi m'zala ndi kutopa kwa maso. Mayi wina wowerengera ndalama anandionetsa chithunzi cha pamene ankagwirira ntchito. Laputopu inali pa tebulo lodyera, iwo atakhala pa mpando wapulasitiki, atawerama tsiku lonse. Ndinaona kuti kuwatikita msana kunali kutunga madzi ndi dengu, chifukwa m'mawa mwake akanabwereranso pa mpando womwewo.

Tikafika pa ofesi timayamba ndi mpando, kuti mapazi aponde pansi bwinobwino ndipo zigongono zilingane ndi kiyibodi. Kenako timaonetsetsa kuti mzere wapamwamba wa sikirini walingana ndi maso, kuti sikiriniyo yatalikira masentimita 50 mpaka 70, komanso kuti kuwala kwa pawindo sikukuthobwa munthu. Timalangiza kuti pakatha mphindi 20 zilizonse munthu aziyang'ana patali kwa masekondi 20. Mabwana ena amaganiza kuti tabwera kudzawagulitsa zodula, koma nthawi zambiri mapaketi awiri a mapepala pansi pa laputopu ndi kiyibodi yapadera zimathetsa vuto.

Chimene chinatsala pang'ono kutigwetsa chinachitika mu Novembala 2023, pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Tinali titalipira theka la ndalama za mipando ya makasitomala athu kwa wamalonda wina amene amaitanitsa katundu kunja. Mipandoyo inali kale m'nyumba yake yosungiramo katundu, koma anakana kuipereka pa mtengo umene tinagwirizana. Iye akudziwa zimene anachita. Obwereketsa ndalama nawonso, amene poyamba ankatiimbira foni sabata iliyonse, anatiuza kuti popanda chikole cha nyumba sangatithandize. Tinagulitsa galimoto, ndipo kasitomala aliyense analandira mpando wake popanda kuwonjezera ngakhale tambala.

Ndikuthokoza Mulungu, amayi akunyumba amene anavomera kukwera minibasi chaka chathunthu osadandaula, achimwene anga amene anatipatsa chipinda chosungiramo zipangizo, anyamata awiri amene ndimayenda nawo, mmisiri amene amatikhomera timabenchi topondapo mapazi, ndiponso makasitomala amene anatidikira moleza mtima n'kumatitchulanso kwa anzawo.

Kwa inu olemba anthu ntchito, lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limakupatsani udindo wosamalira thanzi la antchito anu. Ife timayendera desiki iliyonse, timakambirana ndi mwini wake, ndipo timakusiyirani lipoti lolembedwa lonena zoyenera kukonza lero ndi zimene zingadikire bajeti. Tilembereni uthenga patsamba lino kuti tigwirizane tsiku lodzafika ku ofesi kwanu.