Lachinayi: Msana womwe tinkauyesa TB

Pofika 8 koloko kunali kutatentha kale, monga umakhalira Okutobala kuno ku Tete. Pamsonkhano wa madokotala wa m'mawa nkhani inali imodzi: mayi wa zaka 29 wa ku Angónia, amene wamwa mankhwala a TB miyezi inayi chifukwa cha msana, ululu osatsika, mwendo wamanzere wayamba dzanzi. Zotsatira za kanyama komwe adatapa ndi singano zafika dzulo. Si TB. Ndi chotupa cha m'fupa chotchedwa giant cell tumor, pa fupa la msana wam'munsi lotchedwa L3.

Kusokoneza awiriwa n'kosavuta, poti kuno fupa la msana likadyeka aliyense amathamangira TB. Koma sikani imathandiza kuwasiyanitsa. Nthawi zambiri TB imadya kanyama kofewa ka pakati pa mafupa awiri n'kuunjika mafinya m'mbali. Chotupachi chimafukula fupa limodzi m'kati n'kulisiya ngati chigoba cha dzira, kofewa kaja osakakhudza. Chimakonda a zaka 20 mpaka 40, makamaka pabondo. Sichiwerengedwa ngati khansa, komabe chikachotsedwa chimatha kuphukanso, ndipo mwa ochepa chimakafika m'mapapo. Sikani ya pachifuwa yalembedwa lero lomwe.

Mkangano unali pa kadulidwe. Kupala chotupa m'kati mwa fupa n'kwachidule, koma timaselo timatsalira m'makona, ndiye chikabwerera chimapeza pamalo pali zipsera zomatana ndi mitsempha. Opaleshoni yachiwiri imavuta kuposa yoyamba. Njira yabwino, ikatheka, ndi kuzula fupa lonse osaliboola. Wodwala amagona chafufumimba, dokotala amamanga masikuluwu 8, awiriawiri pa L1, L2, L4 ndi L5 (mafupa awiri apamwamba pa L3 ndi awiri apansi pake), n'kulumikiza ndi ndodo ziwiri zachitsulo. Akatero amadula kofewa kapamwamba ndi kapansi, ndipo pa L3 nthawi zambiri amalowanso chakutsogolo kuti apatule mitsempha ikuluikulu ya magazi. Pamene panali fupa amaikapo kachitsulo ka titanium kodzaza ndi tizidutswa ta fupa. Njira yomwe idadutsa singano ija nayo imadulidwa.

Chimene chimaopsa kwenikweni ndi magazi. Chotupachi chimakha ngati kasupe, munthu atha kutaya malita angapo. N'chifukwa chake tsiku limodzi kapena awiri opaleshoni isanachitike amatseka mitsempha yodyetsa chotupa, polowetsa kapaipi pamphechepeche. Popanda zimenezi ndi mapaketi a magazi okwanira, kuli bwino osatsegula msana n'komwe.

Za jakisoni wa denosumab, mankhwala ochepetsa kudyeka kwa fupa, zinatulukanso pamsonkhanopo. Amabaya 120 mg pansi pa khungu milungu inayi iliyonse, kuonjezera tsiku la 8 ndi la 15 mwezi woyamba, pamodzi ndi calcium ndi vitamini D. Mano ovunda ayambe akonzedwa, poti mankhwalawa atha kuwononga chibwano, ndipo woyembekezera sabayidwa. Chotupa chimauma n'kupanga khoma, zomwe zimathandiza wozula lonse. Kwa wopala ndi msampha: maselo amabisala m'fupa latsopanolo.

Masana amuna a mayi uja adafunsa: "Adokotala, bwanji osangochotsa mawa konkuno?" Adokotala adawafotokozera kuti ntchitoyi ikufuna chipatala chachikulu chokhala ndi zida zonsezi, ndipo ikatha padzakhala sikani miyezi itatu iliyonse kwa zaka ziwiri zoyamba. Mayiwo awaveka lamba wolimba, awauza kuti asasenze mtsuko, ndipo mkodzo ukangoyamba kuvuta anene msanga, ngakhale pakati pa usiku. Kalata yowatumiza yasainidwa 4 koloko.